Phazi la Achemwali Anga

Anthu amati ine ndili ndi mtima wapachala. Sindikana. Ndimagulitsa maloko, zipeso, guluu wa nsapato ndi mankhwala a mphemvu pamphambano, ndipo katundu wotereyu sayenda ukakhala duu ngati uli pamaliro. Pakamwa ndiye khasu langa, n'chifukwa chake amanditcha Wailesi. Koma amene amati ndine wovuta sanakhalepo ndi achemwali anga. Ine ndimalalata, ndikatha ndatha. Iwo amakuyankha mofatsa, akumwetulira, kenako n'kuchita zomwezo wawaletsazo. Munthu wofatsa koma wouma mutu, abale anga, ndi chilango.

Achemwali ndi telala. Makina awo ndi aja opalasa ndi phazi, akuda, olemera ngati ng'ombe yakufa, ndipo akhala pakhonde la sitolo ya misomali ndi penti zaka makumi atatu. Chipinda chawo chili kuseri kwa sitolo yomweyo. Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina. Onse amangoti Asingano, chifukwa pakolala pawo sipasowa singano yolowetsa kale ulusi.

Bambo athu atamwalira ine ndinali ndi zaka zinayi, iwo khumi ndi zitatu. Amayi sanachedwe kutsatira. Tinakakhala kwa amalume zaka zitatu, kenako tsiku lina m'mawa achemwali anandigwira dzanja n'kutuluka nane osatsanzika. Anakapempha ntchito yosesa tizidutswa ta nsalu kwa telala wina wokalamba, ndipo posesa pomwepo luso analiba ndi maso. Ine ndinaleredwa ndi phazi lawo lamanja. Chilichonse chimene ndinadya, kabudula aliyense amene ndinang'amba polumpha mipanda ya eni, zinachokera pa phazi limenelo.

Achemwali anakwatiwapo. Alamu anga aja anakhala zaka zisanu ndi chimodzi n'kusamukira kwa mkazi wina. Mukudziwa zimene achemwali anachita? Ana a mkazi ujayo atayamba sukulu, mayunifolomu anawasokera ndi iwo. Nditamva ndinatsala pang'ono kuthyola mpando.

"Ana alakwanji?" anatero, ulusi uli kukamwa. Basi, mlandu wathera pomwepo.

Kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo kwenikweni. Tsiku lina abusa anawatchula pa ulaliki kuti ndi chitsanzo cha kudzichepetsa, ine ndinaseka mpaka akulu ampingo ananditembenukira. Kudzichepetsa kwanji? Kumbuyoko ndi kumene munthu amaona bwino misana ya anthu. Mpingo ukaimirira kuti uimbe, iwo amakhala ali pa ntchito ndi maso. Uyu thalauza laphulika kumbuyo waliphimba ndi jekete. Uyu zipi wamangirira ndi pini. Mwana uyu diresi lamuthina m'khwapa. Potuluka amamutsata mwini wake pang'onopang'ono n'kumunong'oneza kuti, "Pepani bambo, makina anga akudumpha msoko. Mulibeko thalauza lakale loti ndiyeserepo? Ngakhale lomwe mwavalali, mubweretse mawa." Munthu amabweretsa akuganiza kuti akuthandiza telala wovutika. Pokalitenga amapeza chigamba chamkati chosaoneka, matumba atsopano, mabatani onse ali m'malo. Ndipo wothokoza amakhala achemwali.

"Limenelitu ndi bodza," ndinawauza tsiku lina. "Mkhristu wanji wonama? Makina amenewa akhala akudwala zaka makumi atatu osachira?"

"Amadumphadi nthawi zina."

"Liti?"

"Chaka chatha anadumpha."

Zonsezo ndikanazipirira. Chimene chimandiwiritsa magazi n'chakuti munthu ameneyu salandira. Mupatseni bulangete, mawa mulipeza kwa nkhalamba ya kuseri kwa msika. Ndinawagulira nsapato zofewa, zachikopa, nditazungulira misika iwiri. Lamlungu lotsatira ndinaziona zikulowa m'tchalitchi zili kumapazi kwa mkazi wa alonda a pasitolo paja. Ndinayang'ana nsapato, ndinayang'ana achemwali. Iwo anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ukawafunsa, yankho ndi limodzi: "Pali ena ovutika kuposa ine." Mawu amenewo ndawamva mpaka ndimawalota.

Tebulo langa lili kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi khonde lawo, ndipo kulira kwa makina amenewo ndimakudziwa ngati mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Mwezi wina chaka chatha ndinamva kuti kwasintha. Makina ankatsimphina. Amathamanga pang'ono, n'kuima, n'kuyambanso. Ndinawoloka msewu kasitomala ali ndi chipeso m'manja, n'kukweza nsalu imene inkalendewera patebulo lawo. Phazi lamanja linali lokulungidwa ndi kachidutswa ka nsalu yamaluwamaluwa, ndipo fungo ndi limene linandiuza zonse. Pansi pa chala chachikulu, penipeni pamene pamakhudza chopondera, panali bala lalikulu ngati batani la jekete.

"Iwe, tasiya zimenezo. Sipakupweteka."

"Mwayamba liti?"

"Masabata angapo."

"Angati?"

"Asanu ndi limodzi. Usakuwe, anthu akuona."

Ndinakuwa. Achemwali anawapeza ndi matenda a shuga zaka ziwiri zapitazo, ndipo ngakhale ine amene sukulu ndinaisiyira panjira ndimadziwa kuti bala losapweteka pa munthu wa shuga ndiye loopsa. Ndinawanyamula ngati thumba la makala, akundimenya ndi tepi yoyezera kumsana, mpaka kuchipatala.

Namwino wake anali wamfupi koma mawu ake oposa anga. Anatsuka balalo, anagwiragwira phazi linalo, n'kunena mosapsatira. "Mayi, masabata asanu ndi atatu osapalasa makina. Lamanzerenso ayi, layamba kale matuza ndipo simukumva ndikamalibaya. Mukapalasa, tidula chala. Mukapitiriza, tidula apa." Analemba mzere ndi cholembera pansi pa bondo.

"Zikomo kwambiri, mwanawanga," anatero achemwali. "Kodi thumba la yunifolomu yanuyi lang'ambika liti?"

M'mawa mwake ndisanayale n'komwe katundu, ndinamva makina akulira.

Ndinachotsa lamba wa makina n'kumuika m'thumba mwanga. Masana ndinapeza alumikiza chingwe choyanikira zovala, makina akuyenda. Ndinatenga tcheni n'kumanga gudumu lapansi, ndikukhoma ndi loko wanga wamkulu, yemwe ndimalumbira naye pamsewu kuti ngakhale mbala ya madigiri singamutsegule. Anamutsegula ndi pini. Pini ya thewera! Alonda anaona zonse ndipo anakauza msewu wonse, moti sabata imeneyo palibe anayandikira maloko anga.

Ndinakanena kumpingo. Kunabwera amayi anayi ndi mabeseni ndi matsache kuti awachapire, awasesere, awaphikire. Achemwali anawakhazika pabedi, anawafunsa za ana awo mmodzimmodzi, ndipo amayi aja anabwerera mabeseni ali ouma. Mmodzi anasiyanso bulauzi yoti aipinde m'munsi. Kunabwera abusa, munthu wabwino koma wofewa ngati buledi wonyowa. Anawerenga mawu, anapemphera nthawi yaitali, n'kutuluka atangovala shati. Ndinawaimitsa pakhonde.

"Abusa, jekete lija lili kuti?"

"Aa, akuti nsalu yamkati yasomoka pang'ono."

"Ndinakuitanani kuti muwaletse kusoka, inu mwawabweretsera ntchito?"

"Mwana wa Mulungu, ndimati ndikane, koma anali atandivula kale."

Patatha masabata awiri tinabwerera kuchipatala. Bala linali litakula, ndipo m'mphepete mwa chala munayamba kuda. Namwino sanalankhule ndi achemwali. Anandikokera ine pakona n'kundisambitsa chokweza. "Inu mumalankhula kwambiri, ndakumvani kuyambira pageti. Nanga mlongo wanu yekha wakukanikani? Ndikupatsani sabata imodzi. Phazili likabwera chonchi, ndikuitana adokotala a mpeni." Ndinatenga achemwali n'kubwerera nawo kunyumba.

Tsiku lotsatira ndinawapeza pakhonde dzuwa lili paliwombo, phazi la bandeji lili pachopondera, akupalasa ndi chidendene ngati kuti chidendene si phazi. Patebulo panali mabulauzi atatu odulidwa kale. Ndinagwira gudumu lam'mwamba ndi dzanja, makina n'kuima.

"Ndi a ndani amenewa? Ndiuzeni ndikawaponyere kumaso."

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa!"

Anandikoka shati mpaka khutu langa linafika pakamwa pawo. Anati pali mayi wina wa mumpingo amene anamuchita opaleshoni n'kumuchotsa bere, ndipo miyezi itatu tsopano sanatuluke m'nyumba chifukwa chovala chilichonse chimagwera mbali imodzi. Iwo anapeza njira yosokera kathumba mkati mwa bulauzi, koikamo thonje, moti munthu sangadziwe kanthu. Anamulonjeza kuti Lamlungu likubwerali adzakhala naye pabenchi imodzi. "Usandifunse dzina. Telala wina sindingamupatse, nkhani ingamveke. Tsono undiuze, iweyo, ndimusiye m'nyumbamo?"

Apa ndiye anandigwira pakhosi. Ndikanati musiyeni, ndikanakhala chinyama. Ndikanati sokani, ndikanakhala ndanola ndekha mpeni wa adokotala. Mkwiyo wosowa kolowera umatulukira pakamwa, ndiye unatuluka.

"Mukudziwa chimene muli, achemwali? Ndinu womana!"

Mwini sitolo anasuzumira pazenera ali ndi chitini cha penti m'manja. Alonda anasendeza mpando wawo kufupi.

"Ee, womana! Chikondi chonse cha mumsewu muno mwachikumbatira nokha ngati mwana wadyera ndi mbale. Ife tilibe manja? Amayi anayi abwera ndi mabeseni, mwawabweza ngati akuba. Mukuganiza anafika kwawo akusangalala? Ine ndazungulira misika iwiri, nsapato zanga n'kuzipeza kumapazi kwa eni. Pepani alonda, sindikunena akazi anu. Zaka makumi atatu mwatisandutsa tonse opemphetsa, inu nokha ndiye opereka. Kumwamba mukufuna mukalowe nokha, ife tikaime panja ndi zigamba zanu? Ambuye amene mumawatsatirawo anakwerapo bulu wobwereka. Anapemphapo madzi akumwa kwa mayi pachitsime. Inu mwaposa Iwowo?"

"Wailesi, usachite mwano."

"Mwano ndi umene mukuchita inu ndi phazi limene linandilera! Si lanu nokha limenelo. Mukalidulitsa, ine ndidzayang'ana chiyani?"

Pamenepo mawu anga anathyoka, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire kugulitsa. Ndinanamizira kutsokomola.

Achemwali anasalaza bulauzi ndi chikhatho. Kenako analankhula motsitsa, moti alonda anachita kutambasula khosi.

"Iwe unali mwana, sukumbuka kwa amalume. Mbale iliyonse inkabwera ndi mawu. Idyani, ana amasiye, chakudya cha ana anga. Sopo ankamudula n'kutiuza kuti tiyamike. Tsiku lina unadya nyama imene anasiya mwana wawo, azakhali anakutsegula pakamwa ndi chala n'kuitulutsa. Ine ndinaima pomwepo ndi mbale m'manja, ndikunena zikomo. Tsiku limene tinatuluka pageti paja ndinalumbira kuti dzanja langa silidzakhalanso pansi pa dzanja la munthu. Kulandira kumawawa, mchimwene wanga. Ukuganiza bodza la makina lija ndimanenera chiyani? Sindifuna wina amve zimene ndinamva ine."

Za nyamazo sindinkazidziwa. Ndinafuna kupita kumanda a amalume kukawalalatira pomwepo. Koma sabata inali imodzi yokha, ndipo tsiku limodzi linali litapita kale.

"Ine si amalume," ndinatero. "Chotsani phazi."

"Ukufuna kutani?"

"Chotsani phazi, muliike pa kampandopo."

Ndinalanda mpando wa alonda, ndinazungulira kuseri kwa makina, n'kukhala moyang'anana nawo, mawondo anga atapanikizika pansi pa tebulo. Ndinavula nsapato n'kuika mapazi onse awiri pachopondera kuchokera kumbuyo. "Manja ndi anu, miyendo ndi yanga. Sokani."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anayang'ana mabulauzi aja. Ndinaona m'maso mwawo akufunafuna pothawira, koma Lamlungu linali litawatsekera njira. Ananyamula phazi lawo ndi manja awiri n'kuliika pa kampando, pang'onopang'ono, ngati akupereka mwana kwa mlendo.

"Ponda," anatero. Mawuwo anatuluka ngati akulavula munga.

Ndinaponda. Makina anayenda chobwerera m'mbuyo, ulusi n'kupotana pansi pa nsalu ngati chisa cha mbalame.

"Dikira ndiyambitse gudumu ndi dzanja, iwe! Tsopano ponda. Pang'ono! Ukuthamangitsa ndani? Leka. Ndati leka!"

Singano inathyoka. Mwini sitolo anaseka mpaka anakhala pa thumba la simenti. "A Wailesi, mwayamba liti kupalasa njinga yosayenda? Mukafika mutiuze!" Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, miyendo nayo n'kupsa mtima, makina n'kuthamanga okha. Singano yachiwiri inathyoka. Apa ndi pamene ndinazindikira vuto la ntchito imeneyi: munthu sungalalate uku ukupalasa mofatsa. Pakamwa pakathamanga, mapazi amatsatira. Kuti msoko uwongoke, ndinayenera kukhala chete n'kumamvera mawu awiri okha, ponda ndi leka, kuchokera kwa munthu amene moyo wake wonse sanapemphepo kanthu. Iwo ankavutika kunena, ine ndinkavutika kumvera. Sindikudziwa amene anatuluka thukuta lambiri.

Bulauzi yoyamba inatitengera masana onse. Yachiwiri tinathyola singano imodzi yokha. Pofika Lachinayi miyendo yanga inali itaphunzira kumva mpweya wawo: akamakoka mpweya ndiye kuti tikufika pokhota, ndichepetse. Anthu ankaima pamsewu kudzaonera. Alonda anapempha kuti ayeseko, ndipo zinandinyansa kuona kuti amapalasa bwino kuposa ine.

Lachisanu ndinachedwa. Minibasi inafera panjira, ndipo kondakitala anandiyankha zoti sindikanatha kungozisiya, moti ndinafika pamphambano dzuwa litakwera kale. Bulauzi yachitatu inali isanathe, alonda anali atachezera usiku n'kupita kwawo kukagona, ndipo ndinadziwa bwino munthu amene ndikulimbana naye. Ndinathamanga katundu akugubuduka m'chikwama, ndikukonzeratu mawu oti ndikawalalatire. Ndili chapatali ndinatchera khutu kuti ndimve makina.

Kunali zii.

Ndinawapeza atakhala pamalo pawo. Nsalu inali kale pansi pa singano, ulusi wolowetsa, sizasi pambali. Phazi linali pa kampando. Manja anali pamiyendo, atagwirana zolimba ngati akuletsana. Mwini sitolo anandinong'oneza kuti akhala choncho maola awiri, ndipo kawiri konse anaona phazi likutsika n'kubwereranso.

"Wachedwa," anatero osandiyang'ana.

"Minibasi."

"Ndimakudikira." Anandilozera mpando wa alonda. "Khala. Ndithandize timalize."

Ndinali ndi mawu okwana ulaliki wathunthu, onse anasowa ntchito. Ndinavula nsapato n'kukhala.

Lamlungu limenelo achemwali anapita kutchalitchi pa njinga ya alonda, phazi lili m'mwamba, ndipo pabenchi yakumbuyo anakhala ndi mayi wina amene tinali tisanamuone miyezi itatu. Ine ndinayang'ana kutsogolo mapemphero onse mpaka khosi linauma. Mpaka lero mukandifunsa, sindikumudziwa.

Chala chachikulu sichinapulumuke chonse. Masabata aja amene anawononga ndi chingwe choyanikira zovala ndi pini anadya nsonga yake, adokotala anaidula. Koma phazi lilipo, mwendo ulipo, ndipo bala linatseka patatha masabata khumi ndi limodzi. Namwino anawaletseratu kupalasa kwa moyo wawo wonse. Nthawi ino anamvera.

Musaganize kuti ndapuma. Munthu amene zaka makumi atatu sankatha kupempha, tsopano waphunzira, ndipo waphunzira mopitirira. Lolemba amapalasa alonda, Lachiwiri ndi Lachinayi amayi a mabeseni aja, Lachitatu mwini sitolo amene ankandiseka uja. Abusa anayesa kamodzi, anawachotsa ntchito chifukwa amapalasa ngati akuimba nyimbo ya maliro. Masiku otsalawo ndi anga, ndiponso nthawi ina iliyonse imene iwo afuna. Dzulo lomweli ndinali nditasonkhanitsa anthu khumi ndi awiri patebulo langa, mankhwala a mphemvu ali m'mwamba, nkhani itafika pokoma, ndinangomva kuchokera kutsidya:

"Wailesi! Tabwera ndi miyendo yakoyo!"

"Ndili ndi makasitomala, achemwali!"

"Mphemvu sizithawa. Bambo awa akufuna thalauza lawo pofika masana."

Ndinayang'ana. Pakhonde panaima munthu amene sindinamuonepo, atakumbatira pepala la pulasitiki, akuyang'ana pansi. Ndinauza makasitomala anga kuti asasunthe, aliyense wosuntha mphemvu zikamudya m'tulo, n'kuwoloka msewu ndikutukwana chamumtima.